Kubwerera ku yunivesite mutapuma pa ntchito kukaphunzira mbiri ya kanema: njira yake ndi iyi

Chimalizireni maphunziro anga a mbiri ya kanema, funso ndi lomwelomwe. Pamaliro, pamzere wa kubanki tsiku la penshoni, pakhomo la tchalitchi tikaweruka: "Aphunzitsi, zinatheka bwanji kubwerera kusukulu mutapuma kale? Nanga za kanemazo munthu amaphunziramo chiyani?" Ndakhala ndikuyankha choimirira, mawu awiri atatu, ndipo ndaona kuti kuyankha kotere kumasocheretsa. Anzanga awiri amene ndinawalimbikitsa mwachidule choncho analipira fizi, koma semesita yoyamba isanathe anali atasiya. Nzeru anali nazo zokwanira. Chimene chinasowa ndi munthu wowauziratu pamene pali chitunda. Ndiye ndalemba zonse pano kamodzi, kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Ine ndinaphunzitsa History kusekondale zaka 34, ndinapuma ndili ndi zaka 60, ndipo chaka chotsatira ndinalembetsa pa yunivesite ina ku South Africa, mumzinda umene mwana wanga wamkazi amagwiramo ntchito. Zambiri zimene ndinene ndinaziona kumeneko, koma ndaikamonso za kwathu kuno ndi za ku Britain, poti ena ofunsa ali komweko.

1. Tsimikizani kuti mukufuna mbiri, osati kupanga mafilimu

Ambiri amaphonyera pano asananyamuke n'komwe. Pali maphunziro a mitundu iwiri amene onse amatchula kanema. Ena amakuphunzitsani kugwira kamera, kutchera magetsi, kujambula mawu ndi kulumikiza zithunzi. Sukulu ngati AFDA ku South Africa ntchito yake yaikulu ndi imeneyo. Ena amakuphunzitsani kuonera, kuwerenga ndi kulemba: kanema anayamba liti, ankalipira ndani, ankaonera ndani, boma linkaletsa chiyani, kajambulidwe kanasintha bwanji. Inu mukufuna achiwiriwa. Kawirikawiri amalembedwa kuti Film Studies, Screen Studies kapena Film and Media Studies. Koma dzina lokha lisakukopeni. Tsegulani ndandanda wa mamojulo, ndiye kuti maphunziro ang'onoang'ono a semesita imodzi amene aliwonse amakhala ndi mayeso akeake, muwerenge kuti angati ndi a mbiri. Mukapeza imodzi yokha pakati pa khumi, kosiyo si yanu.

University of Cape Town ili ndi Centre for Film and Media Studies, ndipo Wits ya ku Johannesburg nayo imaphunzitsa za mafilimu. Ku London kuli Birkbeck, koleji imene imadziwika ndi makalasi amadzulo ndipo inazolowera ophunzira achikulire. Amene simungachoke ku Malawi musagwe mphwayi, chifukwa mbiri ya kanema ndi mbiri ndithu. Kagogodeni ku dipatimenti ya History kapena kwa aphunzitsi a zisudzo pa University of Malawi ku Zomba, mufunse ngati alipo lekichara amene angakuyang'anireni pa kafukufuku wokhudza kanema.

Musanalembe kalata iliyonse, dziyeseni kwa masabata atatu. Onerani timafilimu ta abale awiri a Lumière, amene anaonetsa kanema kwa anthu olipira ku Paris pa 28 Disembala 1895. Kalikonse sikakwana mphindi imodzi. Onerani Le Voyage dans la Lune ya Georges Méliès ya 1902, kenako Battleship Potemkin ya Sergei Eisenstein ya 1925, kenako La Noire de... ya Ousmane Sembène wa ku Senegal ya 1966. Atatu oyambawo alibe mawu olankhula, ndipo amapezeka ulere pa intaneti. Chaka choyamba chimadzaza ndi mafilimu otere, akale, osalankhula, ena a zilankhulo zimene simunamvepo. Ngati sabata lachitatu likukupezani mukufunabe kudziwa chifukwa chake anajambula choncho, pitirizani. Ngati mukungodikira kuti athe, mwapulumutsa ndalama zanu.

2. Sankhani khomo lolowera

Makomo alipo atatu. Loyamba ndi digiri yoyamba, zaka zitatu ku South Africa ndi ku England, zinayi kwathu kuno. Lachiwiri ndi la amene muli kale ndi digiri: ku South Africa mumayamba ndi honours, chaka chimodzi chokhala pakati pa digiri yoyamba ndi masitazi, pomwe ku Britain mutha kulowa masitazi mwachindunji. Lachitatu ndi limene ndimalangiza aliyense wa msinkhu wathu kuyambira: kulembetsa mojulo imodzi yokha, osati digiri yonse. Mayunivesite ambiri amalola zimenezi. Ku South Africa wophunzira wotere amamutcha occasional student. Mumakhala m'kalasi, mumalemba asayimenti ndi mayeso ngati wina aliyense, koma mwalipira kagawo kochepa. Mukakhoza, muli ndi umboni watsopano woti mutu ukugwirabe, ndipo umboni umenewo umalemera kuposa satifiketi ya zaka 40 zapitazo.

Amene mulibe digiri musadziderere. Kwathu kuli njira ya mature entry, yolandira anthu achikulire potengera dipuloma ndi zaka zimene agwira ntchito. Ku South Africa kuli mature age exemption, imene ili ndi gawo la anthu a zaka 23 ndi lina la anthu a zaka 45 kupita m'mwamba, komanso RPL, kumene amayesa zimene munaphunzira pa ntchito n'kuziwerengera ngati maphunziro. Ku Britain, Open University siifuna satifiketi yolowera pa makosi ake ambiri a digiri yoyamba.

3. Yambani mapepala chaka chathunthu nthawi isanakwane

Mapepala ndi amene amachedwetsa, osati mafomu. Mufunika satifiketi zanu zenizeni komanso transcript, chikalata choonetsa phunziro lililonse limene munatenga ndi magiredi ake. Ambiri a ife tinasunga satifiketi m'sutikesi koma transcript sitinaitengepo. Kumbukirani kuti University of Malawi yakale inagawidwa mu 2021: amene munaphunzira ku Chancellor College mupite ku Zomba, a ku Polytechnic mupite ku MUBAS ku Blantyre, a ku College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing mupite ku KUHeS. A ku Bunda ndinu a LUANAR. Za satifiketi ya sekondale yotayika kapena yodyedwa ndi chiswe, kafunseni ku MANEB ku Zomba. Mafayilo a zaka za m'ma 1980 ali papepala, ndipo kuwafukula kumatenga nthawi. Pitani nokha, mutatenga nambala yanu yakale ya kusukulu ndi chaka chimene munamaliza.

Dziko limene mukupita lidzafuna kuyesa mapepalawo pa muyeso wake. Ku South Africa ntchitoyi ndi ya SAQA, ku Britain ndi ya UK ENIC. Izi zimatenga masabata, nthawi zina miyezi.

Chenjezo kwa amayi makamaka: ngati dzina la pasatifiketi ndi la kwa makolo pomwe la papasipoti ndi la kubanja, konzeranitu mtchatho wa ukwati kapena chikalata cholumbirira kwa loya. Ngakhale chilembo chimodzi chosiyana, Chirwa apa Chilwa apo, chikhoza kuimitsa fayilo yonse. Ndipo musasokoneze makalendala: ku South Africa chaka cha sukulu chimayamba mu Febuluwale koma mafomu amatsekedwa miyezi ingapo chaka chisanathe, pomwe ku Britain chimayamba kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala.

M'kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira malo, musalembe kuti mumakonda kuonera mafilimu. Aliyense amakonda. Lembani funso limodzi limene likukusowetsani tulo, ndi mafilimu amene mwaonera kale pofuna kuliyankha.

4. Ndalama: khalani pansi ndi akubanja musanalipire

Galatuwite imabwera kamodzi. Ndalama imeneyo maso a anthu ambiri amakhala ali pomwepo: malata a nyumba, fizi ya adzukulu, mankhwala a shuga ndi BP. Mukaitapa mwakachetechete kuti mukaphunzire za kanema, mudzamva mawu opweteka, ndipo ena mwa mawuwo adzakhala oona. Ine ndinaitana mayi a kunyumba ndi ana onse, ndinaika mapepala a fizi patebulo, tinagwirizana gawo limene ndingagwiritse ntchito ndi gawo losakhudza zivute zitani. Ndinawauzanso mosabisa kuti maphunzirowa sadzabweza ndalama. Musanamize abale kuti mudzapeza ntchito pambuyo pake.

Amene mumalandira penshoni ya makwacha koma fizi ndi ya marandi kapena mapaundi, kumbukirani Novembala wa 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Bajeti yanu ikhale ndi mpata wa zotere, ndipo ngati zingatheke lipiranitu chaka chonse. Chotonthoza n'chakuti pa mgwirizano wa SADC, ophunzira ochokera m'maiko ngati Malawi ndi Zambia kawirikawiri amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko pa mayunivesite a boma ku South Africa, kuphatikizapo kandalama kena ka alendo. Koma visa ya sukulu imafuna kuti mukhale pa medical aid yolembetsedwa m'dzikomo, ndipo pa msinkhu wathu imeneyi si ndalama yochepa. A ku England dziwani kuti ngongole ya boma ya masitazi imaperekedwa kwa amene sanakwanitse zaka 60 pa tsiku loyamba la chaka choyamba cha kosiyo.

5. Pezani nthawi, konzani maso ndi kompyuta

Anthu amaganiza kuti wopuma pa ntchito ali ndi nthawi yambiri. Inu mukudziwa zoona zake. Ndinu amene mumatumidwa kumaliro aliwonse, ndinu a komiti ya chitukuko kumpingo, ndinu ankhoswe, ndinu olera adzukulu. Werengani motere: ku South Africa ndi ku Britain, kirediti imodzi imaimira maola 10 a ntchito, ndipo chaka chathunthu ndi makirediti 120, ndiye kuti maola 1,200. Theka lake ndi maola 16 mpaka 18 pa sabata. Mbiri ya kanema imadya nthawi koposa apa, chifukwa filimu ya maola awiri muyenera kuionera kawiri kapena katatu musanatsegule n'komwe buku. Tulani maudindo ena poyera, mwaulemu, semesita isanayambe.

Kayezetseni maso. Mudzawerenga timawu ta pansi pa chithunzi kwa maola ambiri mumdima. Ngati makutu ayamba kulemera, uzani ofesi yothandiza ophunzira. Si chamanyazi, ndipo ali ndi njira zothandizira. Foni siikwanira. Mufunika laputopu, mahedifoni abwino, ndi luso lotaipa ndi zala zonse, chifukwa asayimenti zonse zimatumizidwa pa intaneti. Ngati ana kapena makalaliki ndi amene ankakutaipirani, miyezi itatu yoyeserera tsiku ndi tsiku ikupulumutsani ku misozi.

6. Phunzirani kuonera kachiwiri

Chitunda chija ndi ichi. Anzanga awiri aja anagwera pano, ndipo malangizo ambiri amadumphapo ngati palibe kanthu.

Tonse tinakula tikuonera kanema ngati nthano ya pamoto. Tikatuluka timakambirana kuti wachita chiyani, wafa ndani, woipa uja walangidwa bwanji, phunziro lake n'lotani. Lekichara akafunsa kuti "mwaona chiyani?", pakamwa pamatuluka nkhani ya mufilimumo. Asayimenti yanga yoyamba inali masamba asanu a Chingerezi chosalala, ndipo inabwera ndi mawu ochepa pansi pake: nkhaniyi ndikuidziwa kale, ndiuzeni mmene filimuyi yaipangira. Zinandipweteka sabata lathunthu. Koma anali kunena zoona. Ndinali nditaonera nkhani, filimuyo sindinaione.

Yambani ndi mawu ochepa awa. Fulemu ndi chithunzi chimodzi choima. Chiyambireni mafilimu olankhula kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, mafulemu 24 amadutsa pa sekondi iliyonse. Shoti ndi chidutswa chosadukiza, kuyambira pamene chithunzi chaonekera mpaka pamene chadulidwa n'kubwera china. Close-up ndi shoti imene nkhope kapena chinthu chimodzi chadzaza chithunzi chonse. Long shot imaonetsa munthu yense ndi malo amene waima. Mise-en-scène, mawu a Chifalansa ochokera ku zisudzo, ndi zonse zimene zaikidwa patsogolo pa kamera: zovala, mipando, kuwala, pamene munthu waima. Montage ndi kalumikizidwe ka mashoti. Lev Kuleshov wa ku Russia amakumbukiridwa chifukwa choonetsa mphamvu yake: nkhope imodzimodzi ya munthu ikatsatana ndi mbale ya chakudya, oonera amati ali ndi njala, ikatsatana ndi bokosi la maliro, amati ali ndi chisoni. Nkhopeyo sinasinthe. Tanthauzo labadwira pamphambano ya mashoti awiri.

Tsopano ntchito yake. Tengani kope la masamu, mulembe mizere yotsika isanu ndi umodzi: nambala ya shoti, masekondi ake, kutalikirana kwa kamera ndi chimene ikujambula, ngati kamera ikuyenda, kumene kuwala kukuchokera, ndi zimene zikumveka. Sankhani mphindi ziwiri zokha za filimu. Muzionere kasanu. Koyamba onerani mwachizolowezi. Kachiwiri tsekani mawu, ndipo chithunzi chikadulidwa gogodani patebulo, kwinaku mukuwerenga. Kachitatu imitsani pa shoti iliyonse n'kudzaza mzere wake m'kope. Pa pulogalamu ya VLC batani la E limasuntha fulemu imodzi imodzi, pa YouTube mukaimitsa mumagwiritsa ntchito mabatani a koma (,) ndi fulusitopu (.). Kachinayi tsinzinani, mungomvetsera. Kachisanu onerani mwachizolowezi kachiwiri, ndipo mudzadabwa kuti si filimu ija munaonera poyamba.

Mphindi ziwirizo zidzakutengerani maola awiri kapena kuposa. Musafulumire, kuona maso a nkhono n'kudekha. Chitani katatu pa sabata kwa miyezi iwiri sukulu isanatsegulidwe. Malo abwino oyambira ndi gawo la masitepe a ku Odessa mu Battleship Potemkin, pamene asilikali akuwombera anthu. Mukawerenga mashoti ake mudzaona kuti kutsika kwa masitepewo kwatalikitsidwa kuposa mmene kungatengere munthu weniweni, ndipo mantha amene mukumva akuchokera m'kadulidwe kameneko. Kenako tengani filimu ya Sembène ija. Mtsikana wantchito Diouana salankhula zambiri m'nyumba ya mabwana ake ku Antibes, koma ife tikumva maganizo ake m'mawu oikidwa pamwamba pa chithunzi. Pakamwa patsekedwa, mawu akumveka. Funsani kuti kusiyanitsa chithunzi ndi mawu kotereku kukunena chiyani za munthu amene walandidwa ufulu wolankhula. Mukafika pofunsa mafunso otere nokha, mwakwera chitunda.

Zolakwika zofala ndi izi: kuonera pafoni uku mukuphika, kuthamangitsa filimu kuti ithe msanga, ndi kuwerenga chidule pa intaneti m'malo moonera. Lekichara amazindikira m'ndime yoyamba. Ndikuchenjezeninso, makamaka akulu a mpingo: mudzaonetsedwa umaliseche, nkhanza ndi tsankho loipitsitsa. The Birth of a Nation ya D. W. Griffith ya 1915 imatamanda gulu la azungu atsankho la Ku Klux Klan ndi kunyoza anthu akuda, komabe imaphunzitsidwa chifukwa cha malo ake m'mbiri ya kanema wa ku America. Ife amene tinakulira pansi pa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 tinazolowera mafilimu odulidwadulidwa. Kuphunzira chinthu si kuvomereza. Koma ganizirani mtima wanu musanalowe, ndipo filimu ina ikakulemerani lankhulani ndi lekichara mwamseri.

7. Asayimenti: chiganizo chimodzi, umboni wa m'kope

Asayimenti ya kuyunivesite si kompozishoni, si lipoti la kuofesi, si ulaliki. Imafuna mfundo imodzi imene wina angaitsutse, ndi umboni woichirikiza. Umboni wanu ndi kope lija. M'malo molemba kuti mayiyo anamva chisoni kwambiri, mumalemba kuti kamera yakhala pankhope pake masekondi 11 osasuntha, nyimbo yaleka, ndipo mwamuna wake akumveka koma sakuoneka. Kenako mumafotokoza chimene zimenezi zikuchita kwa woonera, n'kulumikiza ndi nthawi imene filimuyo inapangidwa.

Mawu aliwonse kapena ganizo lililonse limene mwatenga m'buku, tchulani mwini wake, chaka ndi tsamba. Kale tinkaloweza manotsi a aphunzitsi n'kuwabweza pamayeso, ndipo tinkakhoza. Lero zimenezo zimatchedwa plagiarism, kuba nzeru za eni, ndipo pali mapulogalamu ngati Turnitin amene amafananitsa zolemba zanu ndi za ena. Pitani ku maphunziro a kalembedwe amene laibulale imapereka sabata zoyambirira, ngakhale mutakhala kuti munali hedimasitala. Lekichara adzakhala wa msinkhu wa mwana wanu, ophunzira anzanu a msinkhu wa adzukulu. Ena adzakutchulani dzina lanu loyamba popanda "a" patsogolo. Si chipongwe, ndi chikhalidwe cha kumeneko. Pa zokambirana za m'kalasi dziletseni kuyamba chiganizo chilichonse ndi "m'nthawi yathu". Achinyamatawa aonera mafilimu ambiri kuposa inu. Mvetserani, ndipo mukasowa pogwira pa kompyuta afunseni, poti safunsa anadya phula.

8. Zimene mukukumbukira ndi chuma, koma si umboni

Pali chinthu chimodzi chimene inu muli nacho chimene wina aliyense m'kalasimo alibe. Munakhalapo pafumbi pabwalo la sukulu galimoto ya boma itabwera ndi jenereta ndi chinsalu choyera. Wailesi yakanema ya dziko lathu inayamba mu 1999. Zaka zonse za m'mbuyomo kanema wathu anali galimoto imeneyo, maholo ochepa a m'tauni, kenako timanyumba ta vidiyo sho. Mabuku akuluakulu a mbiri ya kanema amalemba zambiri za Paris, Moscow ndi Hollywood, koma za bwalo lija pafupifupi palibe.

Komatu mbiri yake ilipo. Pakati pa 1935 ndi 1937, Bantu Educational Kinema Experiment inapanga mafilimu 35 ku Tanganyika n'kuyenda nawo palole mpaka ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, ambiri anatayika. Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury (Harare ya lero), imene inapangira mafilimu anthu a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri mpaka chitaganya chitatha mu 1963. Ambiri anali ojambulidwa pa lamba wopapatiza wa 16mm, osalankhula, ophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama kupositi ofesi, kawirikawiri poyerekeza munthu wanzeru womvera alangizi ndi wopusa wokana. Munthu ankaima pambali n'kumafotokoza m'chilankhulo cha kuderako. Ambiri mwa mafilimuwa akusungidwa ku National Archives of Zimbabwe ku Harare, ena ku British Film Institute (BFI) ku Britain. Fufuzani zimene analemba David Kerr, amene anaphunzitsa zisudzo ku Chancellor College, James Burns pa za Zimbabwe, ndi Charles Ambler pa za ogwira ntchito m'migodi ya ku Copperbelt amene ankakonda mafilimu a makaubozi. Makalata a boma okhudza kwathu kawafufuzeni ku National Archives of Malawi ku Zomba.

Wofotokoza pambali uja ndi amene anakhala mutu wa kafukufuku wanga. Ku Japan m'nthawi ya mafilimu osalankhula analinso ndi anthu otere, otchedwa benshi, ndipo madijeyi a lero amene amalowetsa Chichewa m'mafilimu a ku China ndi ku India akugwira ntchito yofanana. Koma apa ndiyenera kukuchenjezani ndi zimene zinandichitikira. Ndinali wotsimikiza kuti filimu imene ndinaonera ndili ku pulayimale anthu ake ankalankhula Chichewa. Nditafunsa achemwali anga ndi mnzanga wina amene analipo usiku womwewo, onse anakumbukira bambo wina ataimirira pafupi ndi galimoto, akulankhula pachimkuzamawu. Kwa zaka 50 mutu wanga unali utaika mawu a bamboyo m'kamwa mwa anthu a pachinsalu. Chikumbukiro chimakulozerani kokakumba. Umboni ndi chimene mwakumba, chotsimikizidwa ndi munthu wachiwiri kapena pepala.

Mukafuna kufunsa okalamba kuti mawu awo alowe m'kafukufuku, yunivesite idzafuna kuti mupeze kaye chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, ndiponso kuti aliyense avomere kujambulidwa. Musayambe kujambula chilolezocho chisanatuluke, chifukwa akhoza kukana zonse zimene mwasonkhanitsa. Mukapeza zitini za mafilimu akale kumishoni kapena m'sitolo ya ofesi ina, musaziike m'makina. Filimu ya 35mm ya zaka za 1950 zisanafike ikhoza kukhala ya nitrate, imene imayaka koopsa. Ya 16mm siyaka choncho, koma ikamanunkha viniga ndiye kuti yayamba kuwola. Ipatuleni pa zinzake, muike pozizira ndi pouma, mudziwitse a ku Archives.

Chimene mungachite usiku uno, musanawerenge buku lililonse, ndi kutenga kope lina latsopano n'kulemba zonse zimene mukukumbukira za kanema woyamba amene munaonera: mudzi kapena tauni yake, nyengo yake, amene anabweretsa, ngati munalipira, amayi anakhala mbali iti ndipo abambo mbali iti, anthu anaseka pati, analankhula ndani. Lembani musanakambirane ndi wina aliyense, chifukwa mabuku ndi nkhani za anzanu zikalowa m'mutu simudzathanso kusiyanitsa zanu ndi zawo. Pamwamba pa tsambalo lembani deti la lero.